Kaseti ya ku Bangula: Nyimbo Yakale Safuna Kuikuwitsa

Tikutsegulira sukulu teremu ino, mnzathu wa m'kalasi yemwe kwawo ndi ku Bangula, m'boma la Nsanje, anabwera ndi kaseti imodzi yokulungidwa m'jumbo. Anampatsa ndi amalume ake. Pakasetipo pali valimba yomwe inajambulidwa m'zaka za m'ma 1980 pa ukwati wina wa m'mudzi, ndipo wojambulayo anagwiritsa ntchito wailesi ya kaseti yoyendera mabatire. Oimba valimbayo anali atatu. Awiri anatisiya, wotsala ndi amalumewo. Pempho lawo linali lalifupi: nyimbozo zilowe mufoni kuti adzukulu amveko.

Tinaona ngati ntchito ya madzulo amodzi. Tinabwereka makina oseweretsera makaseti, n'kuwalumikiza ku laputopu, nyimbo n'kulowa. Koma titaiyerekeza ndi nyimbo zina za mufoni, ya amalume inkamveka chapansipansi. Mu pulogalamu yomwe tinkagwiritsa ntchito tinapezamo chida chotchedwa limiter, ndipo tinachikankha mpaka mawu anafanana mphamvu ndi nyimbo zamakono. Chithunzi cha mawu pa sikirini, chomwe poyamba chinali ndi mapiri ndi zigwa, chinasanduka chinthu chimodzi chamakona anayi ngati njerwa. Tinakondwa, n'kutumiza.

Yankho linabwera mawa lake. "Takhuta, ana inu," anatero amalume pafoni, "koma akuimbawa si ife. Ife sitinkamenya mofanana chonchi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Nanga mvulayi mwaitenga kuti? Tsiku limenelo kunali dzuwa."

Mvula yomwe ankanenayo ndi kaphokoso ka sssss ka tepi, komwe tinakakweza pamodzi ndi nyimbo. Nkhani ino ikufotokoza chimene tinalakwitsa, chifukwa ambiri mwa ife tili ndi makaseti otere kunyumba: a kwaya, a ukwati, a mawu a agogo, ndipo tsiku lina tidzafuna kuwasamutsa.

Mpata wa pakati pa kunong'ona ndi kukuwa

Nyimbo iliyonse yoimbidwa ndi anthu ili ndi malo otsika ndi malo okwera. Woyambitsa amayamba yekha, gulu limavomera, ng'oma imalowa, ntchofu ya nthungululu imadutsa pamwamba, kenako zonse zimabwerera pansi. Mpata wa pakati pa mawu otsikitsitsa ndi okwereratu ndi umene akatswiri a zojambula mawu amautcha dynamic range. Munthu wa m'Chigwa cha Shire akhoza kuumvetsa poganizira mtsinje: pali pomwe madzi amafika mu Okutobala, pali pomwe amafika mu Febuluwale, ndipo khalidwe la Shire lili mu kusiyana kwa malo awiriwo.

Mpatawu amauyeza mu decibel, mwachidule dB. Muyeso umenewu suyenda ngati mamita kapena makilogalamu. Mukawonjezera 6 dB, mphamvu ya magetsi onyamula mawuwo imawirikiza kawiri. Mukawonjezera 12 dB imawirikiza kanayi. 20 dB ndi kakhumi. Khutu lathu nalo lili ndi kawerengedwe kake: kuti timve ngati mawu akwera kawiri, pamafunika pafupifupi 10 dB. Kunong'ona kumakhala cha m'ma 30 dB, kucheza wamba cha m'ma 60 dB, ndipo ng'oma yomenyedwa pafupi ndi khutu imatha kupitirira 100 dB.

Chida chilichonse chosungira mawu chili ndi pansi pake ndi denga lake. Pansi ndi phokoso la chidacho: kuthetheka kwa mbale ya galamafoni, kapena sssss wa tepi. Mawu otsika kuposa pamenepo amamira. Denga ndi pamene chida chimalephera kunyamula zochuluka, mawu n'kuyamba kusweka. Mbale zakale za galamafoni zozungulira ka 78 pa mphindi zinali ndi mpata wa pakati pa 30 ndi 40 dB basi. Kaseti, yomwe kampani ya Philips inatulutsa mu 1963, imafika pakati pa 50 ndi 60 dB pa makina abwino, ndipo pa wailesi ya mabatire imachepera pamenepo. CD, yomwe inabwera mu 1982, ili ndi mpata wa 96 dB. Kompyuta yojambula pa 24 bit ili ndi malo oposa amene makutu ndi mawaya athu angagwiritse ntchito.

Apa pali mfundo yoyamba yofunika kuigwira. Tikamasamutsa kaseti kupita mu kompyuta, tikuchotsa katundu m'kachipinda kakang'ono kupita naye m'nyumba yaikulu. Palibe chifukwa chomupindira kuti akwane. Chilichonse chimene tepi inasunga chimalowa bwinobwino ndipo malo amatsala.

Denga la kompyuta ndi ntchito ya limiter

Mu kompyuta denga amalilemba kuti 0 dB, ndipo mawu onse amawerengedwa kutsika kuchokera pamenepo: -6, -20, -60. Denga limeneli n'louma. Tepi ikadzazidwa mopyola imayamba kulephera pang'onopang'ono, mawu n'kumamveka onenepa ndi otopa. Kompyuta ilibe chifundo chotero: chilichonse chopitirira 0 imangochidula mutu, ndipo khutu limamva kung'ambika.

Tsono vuto limabwera chonchi. Mu nyimbo, mawu okwereratu ndi afupi kwambiri: kugunda kwa kamtengo pa thabwa la valimba, kuwomba m'manja, dzanja likagwa pa ng'oma. Nsonga zimenezi zimafika padenga pomwe thupi lonse la nyimbo lili pansi ndithu. Khutu limayeza kukwera kwa nyimbo potengera thupilo, osati nsongazo. Mukafuna kukweza thupi, nsonga zimagunda denga.

Limiter inapangidwira pamenepa. Imayang'anira mawu akamadutsa, ndipo ikaona nsonga ikufuna kupyola malire omwe mwaika, imatsitsa mawu mofulumira kwambiri, kenako n'kuwabwezera. Ili ndi mbale wake wotchedwa compressor. Compressor imatsitsa mofatsa: mukaitchera pa 2:1, mawu akapyola malire ndi 10 dB imalola 5 dB yokha. Limiter ndi compressor yankhanza, ya 10:1 kapena kuposa, yomwe silola pafupifupi chilichonse kudutsa. Nsonga zikaphwanyidwa, pamwamba pamatsala malo, ndipo nyimbo yonse imakwezedwa kudzaza malowo.

Alimi a thonje a m'chigwachi amadziwa kupondera thonje m'thumba. Ukaliponda limalowa lambiri, thumba n'kulemera, koma ukalitulutsa silikhalanso lawofuwofu monga linachokera kumunda. Ndi mmene zilili ndi mawu. Kusiyana kwake n'kwakuti thonje umatha kulimwaza ndi manja, pomwe mawu ophwanyidwa ndi limiter sabwerera.

Tiyeni tione ndi manambala ongoyerekeza. Tinene kuti pa kaseti ina nsonga zikufika pa -1, thupi la nyimbo lili pa -20, ndipo sssss wa tepi ali pa -55. Tikakweza zonse ndi 12 dB kudzera mu limiter, nsonga zimatsala pa -1 pomwepo chifukwa zilibe kopita. Thupi limafika chakufupi ndi -8. Mpata wa pakati pa nsonga ndi thupi, womwe unali 19 dB, watsala pafupifupi 7 dB. Phokoso la tepi lafika pa -43, kutanthauza kuti mphamvu yake yawirikiza kanayi. Taphwanya chimene chinali moyo wa nyimbo, ndipo takweza chimene sichinali nyimbo n'komwe. Mvula ya amalume ija inachokera pamenepa.

Palinso china. Limiter ikatsitsa mawu pa kugunda kulikonse n'kuwabwezera pakati pa kugunda, phokoso la kumbuyo limakwera ndi kutsika motsatira ng'oma, ngati munthu wopuma wefuwefu atathamanga. Pa nyimbo yojambulidwa mu situdiyo yamakono, momwe kumbuyo kuli zii, zimenezi sizimveka kwambiri. Pa tepi yakale zimaonekera poyera.

Chifukwa chake valimba imavulala msanga

Si nyimbo zonse zimene zimapweteka mofanana. Valimba ili m'gulu la zovulala msanga, pa zifukwa zitatu.

Choyamba ndi kapangidwe ka mawu ake. Thabwa likamenyedwa, mawu amatumphuka mwadzidzidzi n'kuzilala mofulumira. Mbali yaikulu ya chimene khutu limazindikira kuti "ili ndi thabwa, lamenyedwa mwamphamvu chonchi" ili m'kanthawi koyambirira kwenikweni, kochepa kuposa kuphethira kwa diso. Ndi kanthawi komweko kamene limiter imadula. Chotsala ndi mawu ofanana ndi kiyibodi yotsika mtengo.

Chachiwiri ndi kaimbidwe. Valimba imodzi imaimbidwa ndi anthu angapo, kawirikawiri atatu, wina kumatabwa a mawu aang'ono, wina pakati, wina ku mawu aakulu, ndipo pambali pamakhala kang'oma ndi nkhocho. Manja awo amalowererana. Chimene chimathandiza womvera kusiyanitsa dzanja la uyu ndi la uyo ndi kulemera kwa kumenya: pena wina amatsindika, pena amapepuza kuti mnzake amveke. Mukafananitsa kumenya konse, nsalu yolukidwa bwino ija imasanduka phala. N'chifukwa chake amalume sanadzimve m'nyimbo yawo yomwe. Manambala sankawadziwa, koma dzanja lawo ankalidziwa.

Chachitatu ndi kunjenjemera kwa mawu kumene opanga valimba amakuika dala. Pansi pa matabwa amamangirira zipanda, ndipo pa chipanda amaboola kabowo n'kumatapo kanembanemba kopyapyala, komwe kale kankachokera ku chisa cha kangaude. Kameneka ndi kamene kamapatsa valimba mawu ake a nzzz. Bangwe nayenso amamuika tizitsekerero ta mabotolo kapena tizitsulo kuti azilira chimodzimodzi. Mapulogalamu ochotsa phokoso sadziwa zimenezi. Kwa iwo nzzz wa chipanda ndi sssss wa tepi n'zapachibale, ndipo mukawalamula kuti asese mwamphamvu amasesa zonse. Titaona kuti mvula yachuluka, ganizo lathu loyamba linali kuthira chida chochotsa phokoso pamwamba pa limiter. Zotsatira zake zinali valimba yomveka ngati ikuimbidwa pansi pa madzi.

Tiwonjezere kuti kaseti ngati ya amalume inaponderedwa kale kamodzi tsiku lojambula. Mawailesi aang'ono a kaseti ambiri anali ndi kachipangizo kodzitsitsira ndi kudzikwezera kokha mawu pojambula. Ng'oma ikalira kankatsitsa, kukakhala bata kankakweza, n'chifukwa chake pa makaseti otere mumamva nkhuku ndi ana akumbuyo akutulukira nyimbo ikangotha. Mpata wotsala pa tepi yotere ndi wochepa kale. Kuupondanso kachiwiri n'kulanda wosauka.

Nanga n'chifukwa chiyani aliyense amakweza?

Sitinali oyamba kugwa m'mbuna imeneyi. Khutu la munthu lili ndi chinyengo chake: mukaliseweretsera nyimbo imodzimodzi kawiri, kwinaku mutakweza pang'ono, limasankha yokwerayo n'kunena kuti ndiyo yomveka bwino. Makampani a nyimbo anazindikira zimenezi kalekale. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, pamene ma limiter a pa kompyuta anafala, zimbale zinayamba kupikisana kuti china chikuwe kuposa chinzake, mpikisano womwe anautcha nkhondo ya kukweza mawu. Chitsanzo chotchuka ndi chimbale cha gulu la Metallica chotchedwa Death Magnetic, cha mu 2008, chomwe ngakhale okonda gululo anadandaula kuti mawu ake ndi osweka. Zimbale zakale zambiri zomwe zinatulutsidwanso m'nyengo imeneyo zinakwezedwa motero, ndipo lero anthu amasakasaka zotuluka poyamba.

Mpikisanowu wayamba kutha mphamvu. Mu 2010 bungwe la mawailesi a ku Ulaya, European Broadcasting Union, linatulutsa ndondomeko yotchedwa R128, yoti mapulogalamu aziyezedwa potengera mmene khutu limamvera kukwera kwake konse, pa muyeso wotchedwa LUFS, ndipo linaika mlingo wa -23. Spotify imafananitsa nyimbo pa mlingo wa -14, ndipo YouTube nayo imatsitsa zokwera mopyola. Tanthauzo lake n'losavuta: mukaphwanya nyimbo kuti ikuwe, makinawo amaitsitsa kuti ifanane ndi zinzake, ndipo mumatsala ndi nyimbo yophwanyika yomwe sikukuwanso.

Komabe tisanamizane. Mdzukulu wa ku Bangula samvera nyimbo pa zipangizo za mu situdiyo. Amamvera pa kasipika ka foni, kapena pa sipika yotchajidwa ndi sola, ali pamsika pomwe njinga zamoto zikudutsa mumsewu wa M1 ndipo wobena nyimbo wapafupi watsegula zake mpaka kumapeto. Pamalo otero mawu otsika amamira, ndipo nyimbo yosakwezedwa konse simveka. Pempho la amalume linali loti adzukulu amve. Choncho funso si lakuti limiter ndi yabwino kapena yoipa. Funso ndi lakuti tiigwiritse ntchito pa kope iti, ndipo mochuluka bwanji.

Mmene osunga nyimbo amachitira

Nyimbo za m'chigwa chino zinajambulidwapo ndi akatswiri, ndipo mmene zojambulazo zasamalidwira muli phunziro. Hugh Tracey, yemwe anakhazikitsa International Library of African Music mu 1954, anayenda m'dziko muno, pa nthawiyo Nyasaland, m'zaka za 1950, 1957 ndi 1958, ndipo mwa zina anajambula nyimbo za Amang'anja. Ankagwiritsa ntchito maikolofoni imodzi yogwira m'manja, n'kumaisendeza kwa woimba uyu kapena chida icho nyimbo ili m'kati. Kukwera ndi kutsika kwa mawu pa matepi ake ndi mbali ya umboni wa zimene zinachitika tsikulo. Matepiwo akusungidwa ku Rhodes University, mumzinda wa Makhanda ku South Africa, komwe laibulaleyi inasamukira mu 1978. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Michael Baird, woimba wobadwira ku Lusaka, anatulutsanso zina mwa nyimbozi pa ma CD a kampani yake ya SWP Records, ndipo chimodzi mwa zimbalezo ndi cha kumwera ndi pakati pa Malawi. Zinatheka kutero patapita zaka makumi anayi chifukwa matepi oyambirira analipo, osasinthidwa.

Ena anatsatira. Wim van Zanten anajambula nyimbo za Asena m'chigwachi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo mu 1980 analemba m'magazini ya African Music za mmene Asena amachunira zida zawo, pogawa mawu m'masitepe 7 otalikirana pafupifupi mofanana, mosiyana ndi kiyibodi. Andrew Tracey, mwana wa Hugh, analemba mu 1991 za gulu la valimba la Kambazithe Makolekole. Kafukufuku wotere amadalira zojambula zomwe palibe anazikonza kuti zikome. Munthu wofuna kudziwa mmene dzanja lamanzere linkayankhira lamanja sangaphunzire kanthu pa fayilo yomwe kumenya konse kunafananitsidwa.

Bungwe la padziko lonse la osunga mawu ndi zithunzi zoyenda, lotchedwa IASA, lili ndi lamulo lomveka pa nkhaniyi. Kope yoyamba yochokera pa tepi izitengedwa momwe ilili, popanda kuchotsa phokoso, kukometsa kapena kupondereza. Isungidwe ngati fayilo ya WAV pa 24 bit, pa liwiro losachepera 48 kHz, ndipo 96 kHz ndiyo amalimbikitsa. Kukonza kulikonse kuchitike pa kope ina. Chifukwa chake n'chakuti zida zokonzera mawu zimasintha chaka ndi chaka, ndipo makutu a anthu amasinthanso. Chimene ife tikuchiona ngati kukometsa lero, wobwera m'mbuyo mwathu adzachiona ngati kuwononga, ndipo adzafuna poyambira.

Mmene tinabwerezera ntchito

Mwayi wathu unali woti kaseti inali idakali m'manja mwathu. Tinayambiranso, ndipo ulendo uno tinadekha.

Tisanaiike m'makina tinathyola timapulasitiki tiwiri ta pamwamba pa kaseti, tomwe tikachoka makina sangajambulenso pa tepiyo ngakhale munthu atadina batani molakwitsa. Tinapukuta mutu wowerenga tepi ndi kathayala kamphira ndi thonje lonyowetsedwa pang'ono ndi isopropyl. Kenako tinatembenuza pang'onopang'ono kasikuluwu ka pambali pa mutuwo tikumvetsera, mpaka nkhocho zinamveka zakuthwa. Mutu ukapendekeka mosiyana ndi wa makina amene anajambula, mawu aang'ono amatayika, ndipo palibe pulogalamu ingawabweze. Batani la Dolby tinalizimitsa, poti wailesi yomwe inajambula inalibe Dolby, ndipo kuliyatsa pa tepi yotere kumaphimba mawu.

Pojambula mu kompyuta tinasaka malo okwereratu a tepi yonse n'kutchera kuti afike cha pa -6, osapitirira. Tinagwiritsa ntchito Audacity, pulogalamu yaulere, pa 24 bit ndi 48 kHz. Ola limodzi limadya pafupifupi 1 GB. Fayilo imeneyo tinailemba dzina, tsiku, malo, mayina a oimba monga anatiuzira amalume, ndi makina amene tinagwiritsa ntchito. Tinaikopera malo atatu osiyana ndipo sitinaikhudzenso.

Pa kope yachiwiri ndi pomwe tinagwira ntchito, ndipo ndondomeko yake ndi yofunika. Tinayamba ndi kuchotsa kung'ung'udza kwa pansi kwambiri, komwe sikunali nyimbo. Kenako tinasaka nsonga zomwe sizinali za oimba. Panali malo awiri pomwe wina anagunda wailesi ija ikujambula, ndipo kugunda kumeneko ndi komwe kunali kokwera kuposa china chilichonse pa tepi yonse. Tinakutsitsa ndi dzanja, malo awiri okhawo. Zitatero tinapeza kuti nyimbo yonse ikhoza kukwera ndi ma dB angapo popanda limiter n'komwe. Imeneyi ndi njira yomwe ambiri amaidumpha: nthawi zambiri chotchinga denga si nyimbo, ndi ngozi imodzi kapena ziwiri.

Phokoso la tepi tinalichepetsa pang'ono chabe, n'kusiya lambiri. Khutu limazolowera sssss wosasintha pakangopita kamphindi, koma silizolowera mawu obowokabowoka. Poyesa, tinkamvetsera chimene pulogalamu ikuchotsa pachokha. Tikamvamo valimba, tinkadziwa kuti tapyola.

Pomaliza tinapanga makope awiri omvera. Yoyamba, ya pa sipika yabwino kapena mahedifoni, tinangoikweza yonse mofanana mpaka nsonga yokwereratu inafika pa -1, popanda kupondereza kulikonse. Yachiwiri, ya pafoni ndi pamsika, tinaidutsitsa mu compressor yofatsa ya 2:1, yochedwa pang'ono kugwira kuti kugunda kwa kamtengo kuyambe kwadutsa, kenako limiter yongodula 1 kapena 2 dB pa nsonga zowerengeka. Lamulo lomwe tinadziikira ndi lakuti kamuvi ka limiter kakamagwedezeka pa kumenya kulikonse, ndiye kuti tachulutsa.

Poyerekeza makopewa ndi tepi yoyamba tinkayamba tawafananitsa kukwera kwake, kuti khutu lisatinamize. Yesani zimenezi pa fayilo iliyonse imene wina wakuuzani kuti waikonza: itsitseni mpaka ifanane ndi yakale, kenako mverani mosinthanasinthana. Ngati yokonzedwayo ikukomabe, ntchito inagwirika. Ngati yangotsala yafulati, munagula phokoso. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chenjezo lina laling'ono: potumiza pa WhatsApp, tumizani fayilo ngati document, ndipo musaijambulenso ngati uthenga wa mawu, chifukwa njira imeneyo inapangidwira kulankhula ndipo imataya zambiri za nyimbo. Kuchepetsa fayilo kukhala MP3 ndi nkhani ina yosiyana ndi kupondereza mawu komwe takambaku, koma nakonso kumataya zina, choncho MP3 ikhale ya kope yomvera basi.

Nthawi sikudikira

Pali chifukwa chomwe nkhaniyi ilili yachangu ku Bangula kuposa malo ambiri. Tepi imadana ndi kutentha ndi chinyezi, ndipo m'chigwachi kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Kaseti yosungidwa m'sutikesi pansi pa denga la malata imaphikidwa chaka chilichonse. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, a namondwe Idai mu Malichi 2019, a Ana mu Januwale 2022 ndi a Freddy mu Malichi 2023 analowa m'nyumba zambiri za ku Nsanje ndi Chikwawa, ndipo munthu wothawa madzi amanyamula mwana ndi ufa, osati makaseti. Yomwe yapulumuka, monga ya amalume, ikhoza kukhala yokhayo padziko lonse yosunga manja a anthu amenewo. Makina oseweretsera makaseti nawonso akusowa, ndipo amisiri odziwa kuwakonza akuchepa.

Tanthauzo lake n'lakuti kaseti zambiri zidzasamutsidwa kamodzi kokha, ndipo wosamutsayo adzakhala wophunzira ngati ife, wokhala ndi laputopu patchuthi. Kope yomwe tidzapange ndi imene idzatsale tepi ikadzatha. Tikaiphwanya tsiku loyamba n'kutaya kaseti, adzukulu a adzukulu adzakhulupirira kuti makolo awo ankaimba mokuwa, mosapumira, m'kati mwa mvula. Kaseti yonyowa kapena yachita nkhungu musaiseweretse msanga; iume kaye pamthunzi, ndipo funsani wodziwa musanaiike m'makina. Yomwe ili bwino, isamutseni chaka chino, ndipo kasetiyo muisungebe.

Tinatumiza makope atsopano aja ku Bangula pa memori khadi, pamodzi ndi kaseti yawo. Mnzathu akuti amalume anamvetsera nyimbo yoyamba yonse osayankhula. Itafika pakati pa yachiwiri, pomwe mawu aakulu amatsika n'kusiya dzanja limodzi likuyenda lokha chapansipansi, anakweza chala n'kutchula dzina la mnzawo yemwe anamwalira. Kenako anauza mdzukulu wawo kuti, "Bwezera pamenepo, mwanawe, umve mmene ankapepuzira dzanja."